Thanthwe lili ndi eni ake, nkhani yake nayo ili ndi eni ake

Mabungwe oyang'anira mapaki ku Australia, ku Canada ndi kwina masiku ano sasowa mawu okoma. Akamalengeza ntchito ya munthu wogwirizanitsa mapologalamu ofotokozera alendo za chikhalidwe ndi chilengedwe, amalemba ndithu kuti mapologalamuwo ndi otsogoleredwa ndi eni nthaka. Kulemba n'kosavuta. Chimene chimachitika m'malo ambiri n'chakuti ofesi imakonza zonse, ndandanda, mawu a pazikwangwani, mtengo wa tikiti, kenako n'kuitana gogo mmodzi kuti adzaime kutsogolo, alonjere alendo m'chinenero chake, ajambulidwe, alandire kenakake mu envelopu, n'kubwerera kwawo. Gogoyo sanatsogolere kalikonse. Wangokongoletsa mwambo wa eni ofesi.

Ine ndikuti pologalamu yotere tiziiyeza ndi funso limodzi: eni nthakawo akakana, chimachitika n'chiyani? Ngati kukana kwawo kumatha kutseka njira, kuchotsa chikwangwani, kubweza basi yodzaza alendo ndi kutayitsa paki ndalama, ndiye kuti akutsogoleradi. Wogwirizanitsa uja ntchito yake yeniyeni ili pomwepa. Kusonkhanitsa nthano zoti alendo amve ndi gawo laling'ono. Gawo lalikulu ndi kuonetsetsa kuti mawu okana akufika kwa amene ali ndi makiyi, ndiponso kuti wokanayo sakugona ndi njala chifukwa chokana.

Nkhaniyi imaoneka bwino ku paki ya Uluru-Kata Tjuta, pakatikati pa Australia, mtunda wa makilomita pafupifupi 450 pamsewu kuchokera ku Alice Springs. Uluru ndi thanthwe lofiira lomwe linatuluka pakati pa mchenga, lotalika mamita 348. Eni ake ndi Anangu, olankhula Pitjantjatjara ndi Yankunytjatjara. William Gosse atafikako mu 1873 analitcha Ayers Rock polemekeza Henry Ayers, mkulu wa boma la South Australia, ndipo kwa zaka zambiri alendo ankauzidwa mbiri ya malowa kuyambira pa ulendo wa Gosse, ngati kuti thanthwelo linkadikira iyeyo. M'ma 1960 anakhomapo unyolo woti anthu azigwira pokwera, ndipo kukwera thanthwe kunasanduka cholinga cha ulendo wonse.

Pa 26 October 1985, bwanamkubwa wa Australia, Sir Ninian Stephen, anapereka kwa Anangu zikalata za umwini wa malowa. Si onse anakondwa. Boma la chigawo cha Northern Territory linanyanyala mwambowo, ndipo pamwamba pa khamulo panadutsa kandege kakukoka nsalu yolembedwa kuti thanthwelo ndi la anthu onse a mu Australia. Tsiku lomwelo Anangu anasaina pangano lobwereketsa pakiyo ku boma kwa zaka 99, popeza ndicho chinali chikole cha kubwezeredwa malo. Panakhazikitsidwa bodi yoyendetsa paki momwe Anangu ndi ochuluka kuposa ena.

Tsopano tamvani izi. Eni malo anali ndi zikalata, anali ndi mipando yambiri mu bodi, ndipo ankanena poyera kuti safuna anthu azikwera thanthwelo. Komabe kukwerako kunapitirira zaka zina 34. Zifukwa zawo sizinali zobisika. Njira yokwerayo ndi imene, malinga ndi Tjukurpa, lamulo ndi mbiri ya chilengedwe imene Anangu amayendera, anadzera amuna a Mala, makolo akale a mu Tjukurpa, pofika pamalopo kudzachita mwambo. Anthu oposa 35 anafera pathanthwepo, ena pogwa, ambiri chifukwa cha mtima ndi kutentha, ndipo Anangu amati mlendo akafera pamalo pawo chisoni ndi mlandu zimagwera iwo. Pamwamba panalibe chimbudzi, choncho mvula ikagwa zonyansa zinkatsetserekera m'maiwe a m'munsi momwe nyama ndi mbalame zimamwa.

Pa zaka zonsezo chida chimene Anangu anali nacho chinali kufotokoza basi. Patsinde pa njirayo panaikidwa chikwangwani chopempha, m'zinenero zingapo, kuti chonde musakwere. Mu 1995, pokumbukira zaka 10 chibwezeredwe malo, anatsegula nyumba ya chikhalidwe yomangidwa ndi njerwa zadothi, yokhotakhota motsatira maonekedwe a njoka ziwiri za mu Tjukurpa, Kuniya ndi Liru, kuti mlendo ayambire kumeneko asanafike pathanthwe. Ndipo zinagwira ntchito. Cha m'ma 1990 alendo pafupifupi 74 pa 100 alionse ankakwera. Pofika 2015 anali atatsika kufika pafupifupi 16. Palibe wapolisi anawaletsa. Anamva, ambiri n'kuchita manyazi, n'kusankha kuyenda m'munsi.

Anthu okonda ntchito imeneyi amatchula manambalawa monyadira, ndipo sindikuwatsutsa. Koma ineyo ndimaonapo chinthu china chowawa. Ndondomeko yoyendetsera paki ya 2010 inati kukwera kudzatsekedwa zinthu zina zikakwaniritsidwa, ndipo chimodzi mwa izo chinali chakuti okwera atsike kufika pansi pa 20 pa 100. Tanthauzo lake n'lakuti kukana kwa mwini malo kunayenera kudikira kuti alendo avomereze kaye. Bodi inavota mogwirizana pa 1 November 2017, wapampando wake Sammy Wilson akunena kuti malowa si bwalo lamasewera ngati Disneyland, ndipo njirayo inatsekedwa pa 26 October 2019. M'miyezi yomaliza anthu anakhamukirako, mzere wa okwera n'kumaoneka kuchokera kutali, aliyense akufuna kupondapo chitseko chisanatsekedwe. Ameneyo ndiye mlendo amene ankafunsidwa maganizo.

Kuti timvetse chimene pologalamu yotsogoleredwa ndi eni nthaka imapereka, tiyeni tiyende pang'ono m'njira ya Mala, imene alonda a paki amaperekezamo alendo m'mawa uliwonse popanda malipiro owonjezera. Ndi yaifupi, makilomita 2 kupita ndi kubwera, ndipo imathera pachigwembe cha Kantju. Gulu limaima paphanga lomwe khoma lake ladzaza zithunzi zopakidwa pamwamba pa zinzake, pomwe agogo ankaphunzitsira anyamata kusaka ndi kulondola mapazi a nyama. Limaimanso paphanga lina pomwe amayi ankaperera njere za udzu, ndipo mwala wapansi ukuonekabe kusalala pomwe mphero inkadutsa. Woperekeza amafotokoza kuti anthu a Mala atayamba mwambo wawo, kunabwera amithenga ochokera kumadzulo kudzawaitanira ku mwambo wina. Iwo anakana chifukwa mwambo ukayamba sausiyira panjira. Okanidwawo anakwiya n'kutumiza Kurpany, chilombo chonga galu. Mbalame yotchedwa Luunpa inachenjeza, amuna sanamvere, ena anaphedwa, otsala n'kuthawira kumwera. Zizindikiro za nkhondoyo amazilozera pathanthwe pomwepo.

Mukayenda pang'ono mumapeza chikwangwani china. Chimangoti malo awa ndi opatulika, musajambule. Sichikuuzani chifukwa chake mwatsatanetsatane, ndipo woperekeza sakuuzani. Njira yozungulira thanthwe lonse, makilomita oposa 10, ili ndi malo otere angapo, ena a amayi, ena a abambo. Ku Kata Tjuta, mapiri 36 obulungira omwe ali kumadzulo, zinthu n'zokhwima kuposa apo: ndi malo a mwambo wa amuna, ndipo nkhani zake siziuzidwa kwa alendo n'komwe. Mutha kuyendako, kuona maluwa ndi mbalame, kumva mphepo, koma za eni ake simumva. Zimene mlendo amauzidwa ku Uluru ndi zimene mwana wamng'ono wa Anangu amauzidwa.

Kwa anthu ambiri ochokera ku Ulaya kapena ku America chimenechi n'chokhumudwitsa. Analeredwa pokhulupirira kuti chidziwitso chili chonse n'cha aliyense amene walipira pakhomo. Wowerenga Chichewa sayenera kuvutika nazo. Tikudziwa kuti chimene Gule Wamkulu amaonetsa pabwalo n'chosiyana ndi cha kudambwe, ndipo pamene UNESCO inalemekeza gule mu 2005 sinapatse munthu wosameta chilolezo chokasuzumira. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, komwe kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala omwe analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, zithunzi zambiri zoyera n'zokhudza chinamwali cha atsikana. Woperekeza alendo wachimuna amene angaime pamenepo n'kumamasulira zonse molimba mtima, mwina akunama, mwina akuulula zosayenera. Sindikunena kuti mbiri yathu ndi ya Anangu n'zofanana. Iwo ndi ochepa m'dziko lomwe analandidwa ndi obwera, ife boma ndi lathu. Koma funso la yemwe ali ndi ufulu woyankhulira malo ndi lomwelo, ndipo mabanja amene anasamutsidwa pamene paki ya Nyika inkakulitsidwa mu 1978 akulidziwa bwino.

Apa m'pamene ntchito ya wogwirizanitsa imasiyana ndi ya wokonza maulendo wamba. Ayenera kudziwa kuti si mkulu aliyense angayankhulire malo alionse. Munthu akhoza kukhala wolemekezeka m'mudzi wa Mutitjulu, womwe uli patsinde pa thanthwe, koma nkhani ya dziwe linalake n'kukhala ya banja lomwe likukhala kutali, ku Kaltukatjara, ku Utju kapena ku Pukatja. Kuti chiganizo chimodzi chilembedwe pachikwangwani, pamafunika galimoto, mafuta, chakudya, womasulira, msonkhano wa amayi paokha ndi wa abambo paokha, ndiponso kuleza mtima kodikira kuti anthu akaganize. Kukagwa maliro zonse zimaima, nthawi zina kwa masabata, ndipo dzina ndi chithunzi cha womwalirayo zimaphimbidwa, ngakhale zitakhala pakhoma la nyumba ya chikhalidwe pomwe alendo akudutsa. Kanema amene anawonongetsa ndalama zambiri akhoza kuchotsedwa chifukwa mmodzi mwa oyankhulamo watisiya. Wogwirizanitsa wabwino amaika zonsezi mu bajeti chaka chisanayambe. Woipa amazilemba mu lipoti ngati zovuta zochedwetsa ntchito.

Ndipo ofesi ili ndi kamchitidwe kake kamene sikafuna munthu woipa mtima kuti kapweteke. Ntchito yokhazikika imafuna digiri, laisensi yoyendetsera galimoto, malipoti a m'Chingerezi ndi kufika pa ola lomwelo masiku 5 pa sabata. Mayi amene angayang'ane mchenga n'kukuuzani kuti apa padutsa buluzi wamtundu wakutiwakuti usiku wathawu, ndipo mphaka anamutsatira, nthawi zambiri amalembedwa ngati waganyu wolipidwa pa tsiku. Mnyamata amene akulemba m'kope zimene mayiyo akunena ndiye ali ndi malipiro apamwezi, penshoni ndi nyumba. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu mnyamatayo amakwezedwa n'kupita ku Darwin kapena ku Canberra. Mlendo ndi mame. Kumabwera wina, ndipo mayi uja amayambiranso kuphunzitsa.

Alendo ambiri ofika ku Uluru samva nkhani kuchokera pakamwa pa Anangu. Amaimva kwa operekeza a makampani amene amawabweretsa pa mabasi. Paki inachita bwino kulamula kuti woperekeza aliyense ayambe wapambana maphunziro apadera, operekedwa kudzera ku Charles Darwin University, kuti asamangopeka nthano zake monga zinkachitikira kale. Zimenezi zinachepetsa mabodza. Koma tisadzinamize kuti zinapereka utsogoleri. Nkhani inachoka kwa eni ake n'kulowa m'buku la mayeso, ndipo ndalama za tikiti ya ulendo zimapita ku kampani. Kumene eni nthaka akudziyendetsera okha, monga ku Maruku Arts, bungwe la amisiri osema ndi ojambula lomwe linayamba mu 1984, mlendo amakhala pansi ndi mayi wojambula n'kuphunzira kwa iye mwini, womasulira ali pambali. Zoterezi ndizo ziyenera kuchuluka, ndipo sizichuluka zokha.

Pali chizolowezi china chimene ndimadana nacho kwambiri, chogawa ntchito pawiri: za chikhalidwe n'kupatsa agogo, za chilengedwe n'kupatsa asayansi. Ku Uluru kugawa kumeneku kunaonetsa kupusa kwake ndi moto. Kwa mibadwo yambiri Anangu ankatentha tchire pang'onopang'ono m'nyengo yozizira, chigawo apa, chigawo apo, kotero kuti dziko linkakhala ndi udzu wa misinkhu yosiyana, ndipo moto wa m'chilimwe sunkapeza njira yothamangira kutali. Atachotsedwa pamalopo kutenthako kunaleka, udzu unaunjikana, ndipo mu 1976 moto unapsereza pafupifupi magawo atatu mwa anayi a paki yonse. Lero kutentha kwa zigawozigawo kunabwerera, akulu a Anangu ndiwo amaloza poyatsa ndi nthawi yake. Mala weniweniyo, kanyama konga kangaroo wamng'ono, anali atatheratu m'derali chifukwa cha amphaka olusa, nkhandwe zochokera ku Ulaya ndi kusintha kwa moto. Mu 2005 anabwezeretsedwa mumpanda wa mahekitala 170. Kodi munthu wofotokozera alendo za kanyama kameneka aziika pati, ku chikhalidwe kapena ku chilengedwe? Nanga udzu wachilendo wa buffel, umene ukulanda malo a zomera zimene amayi ankakolola n'kumayaka moto woopsa kuposa udzu wa m'deralo, ndi nkhani ya ndani?

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo zina n'zolemera. Ena amati paki ya boma imayenda ndi misonkho ya anthu onse, ndiye mwana wasukulu akafika ayenera kumva zoona za sayansi, kuti thanthwelo linapangidwa ndi mchenga umene unaunjikana zaka pafupifupi 550 miliyoni zapitazo, pambuyo pake n'kupendekeka ndi kusuntha kwa nthaka mpaka mizere yake inaima chilili. Ndikuvomereza, ndipo palibe amene analetsa. Zimenezo zimafotokozedwa, mabuku ake alipo. Chimene chinasintha n'chakuti nkhani ya miyala sikhalanso yokha pampando. Mwana amene wamva zonse ziwiri sanaberedwe kanthu.

Mfundo yovuta kwambiri ndi iyi: eni nthaka si munthu mmodzi. Amatsutsana. Pali akulu amene kale ankaperekeza alendo pamwamba pa thanthwe kuti apeze ndalama. Pali achinyamata amene akufuna ntchito lero, osati misonkhano. Pali mabanja amene mawu awo amamveka kwambiri chifukwa amadziwa Chingerezi ndiponso amazolowerana ndi mabwana. Munthu wakunja akhoza kusankha amene akugwirizana naye n'kunena kuti anthu avomera. Zonsezi n'zoona, ndipo aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa mudzi sangadabwe. Koma kutsutsana kwa eni malo si chifukwa choti ofesi itenge chigamulo. Aphungu a nyumba ya malamulo amakangana tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene amati tsono kazembe wa dziko lina adzawagamulire. Chimene wogwirizanitsa angachite ndi kuonetsetsa kuti amayi afunsidwa paokha, a kumidzi yakutali atumiziridwa galimoto, ndipo zokambirana zachitika m'chinenero chawo, kenako iye n'kukhala chete.

Za mlendo amene walipira ndalama zambiri n'kupeza njira yatsekedwa sinditayirapo nthawi. Njira ya Valley of the Winds ku Kata Tjuta imatsekedwa nthawi ya 11 m'mawa tsiku lililonse limene kutentha kukuyembekezeka kufika madigiri 36, ndipo alendo amamvetsa. Ngati dzuwa lili ndi ufulu wotseka njira, maliro a mwini malo nawonso ali nawo.

Tsopano ndalama, chifukwa apa m'pamene mawu okoma amathera. Pangano la paki limapatsa Anangu lendi ya pachaka ndi gawo la ndalama zolowera pachipata. Zina mwa ndalamazi, kudzera ku Central Land Council, bungwe loimira eni nthaka a m'deralo, zagwira ntchito zooneka, monga dziwe losambira la ku Mutitjulu lomwe linatsegulidwa mu 2013. Koma taonani msampha wake. Gawo la eni malo limadalira chiwerengero cha alendo. Nthawi iliyonse akakana chinthu chokopa anthu, akudula thumba lawo lomwe. Pamene ankavota zotseka kukwera ankadziwa zimenezi. Mu August 2020, matenda a COVID-19 ali pakati, anthu a ku Mutitjulu anatseka msewu wolowera mu paki atamva kuti kwatera ndege yochokera ku Brisbane, komwe matenda anali atabuka, ndipo paki inatsekedwa. Anasankha moyo wa agogo awo, podziwa kuti chipata chotseka sichilowetsa kanthu. Pangano limene limalanga munthu chifukwa chogwiritsa ntchito ufulu umene lamupatsa lili ndi chilema. Malipiro a akulu ophunzitsa, omasulira ndi alonda a m'mudzi ayenera kukhala okhazikika mu bajeti ya boma, osagwedezeka ndi kuchuluka kwa mabasi.

Tisaiwalenso kuti Mutitjulu ndi mudzi wosauka womwe uli pafupi ndi chimodzi mwa zinthu zojambulidwa kwambiri padziko lonse. Mu 2007, boma la Australia litayamba kulowerera mwamphamvu m'midzi ya eni nthaka ya ku Northern Territory, asilikali ndi apolisi anayambira kumeneko. Mahotela onse ali ku Yulara, kunja kwa paki. Mu 2011 anagulidwa ndi Indigenous Land Corporation, bungwe la boma logulira eni nthaka malo, pamtengo wa madola a ku Australia pafupifupi 300 miliyoni, ndipo kugulako kunasiya ngongole yaikulu. Kuyambira 2023 kumeneko kumachitika chionetsero cha usiku chotchedwa Wintjiri Wiru, pomwe ma drone, tindege topanda woyendetsa, oposa 1,000 amajambula kumwamba gawo la nkhani ya Mala, mawu ake akumveka m'zinenero za Anangu. Akulu anakhala nawo pokonza, ndipo sindikufuna kuwanyoza ponena kuti ananyengedwa. Anasankha gawo loti lionetsedwe, ndi ufulu wawo. Funso langa ndi lomwe lija: tsiku lina akadzati chionetserochi chiime mwezi wathunthu, matikiti atagulidwa kale, kodi chidzaima?

Ku Canada kuli chitsanzo chimene chimandikhutiritsa kwambiri. Ku zilumba za Haida Gwaii, mtundu wa Haida sunadikire boma. Mu 1981 iwo okha anayamba kutumiza anthu awo kukakhala m'midzi yakale nyengo yotentha kuti aletse akuba zosemasema ndi kulandira alendo. Mu 1985 anatseka msewu wa odula mitengo pa chilumba cha Lyell, agogo n'kumangidwa. Pangano la 1993 lokhudza paki ya Gwaii Haanas linalemba poyera kuti a Haida ndi boma la Canada sakugwirizana pa za mwini malo, koma agwirizana kuwasamalira limodzi, mu bodi ya mipando yofanana. Alonda aja, otchedwa Watchmen, alipobe m'malo 5. Woyendetsa boti amayamba waimba wailesi kupempha chilolezo, ndipo pamtunda pamatsika anthu osaposa 12 nthawi imodzi. Ku SGang Gwaay, umodzi mwa midzi yakaleyo, mizati yosemedwa ya makolo ikuwola pang'onopang'ono, ndere zikumera, ndipo a Haida anasankha kuti isiyidwe ibwerere kunthaka. Katswiri wa nyumba yosungira zakale akanaichotsa n'kukaiika m'galasi. Kusiyana kwake ndi malo ena n'kwakuti pologalamuyi inalipo paki isanabadwe. Boma linapeza anthu ali kale pantchito.

Chimene chimachitika wogwirizanitsa akakhala wopanda mphamvu tinachiona ku Kakadu, paki ina ya ku Northern Territory yoyendetsedwa limodzi ndi eni nthaka. Mu 2019 oyang'anira paki anamanga njira yopita pamwamba pa mathithi a Gunlom, ndipo inadutsa pafupi ndi malo opatulika a amuna a mtundu wa Jawoyn, popanda chiphaso chimene lamulo loteteza malo opatulika limafuna. Malowo anatsekedwa kwa zaka zoposa 5. Nkhani itapita kukhoti, mbali ya boma inayamba yanena kuti lamulo la chigawo silingaimbe mlandu ofesi ya boma lalikulu. Mu May 2024 khoti lalikulu la Australia linakana zimenezo, ofesiyo inavomera mlandu, ndipo chaka chomwecho inalipitsidwa madola 200,000. Pakiyo inali ndi bodi yomwe eni nthaka ndi ochuluka, inali ndi ndondomeko zolembedwa bwino, inali ndi zikwangwani zolemekeza chikhalidwe. Chimene chinasowa ndi munthu woti m'mawa umene omanga anafika ndi zida zawo akanatha kuima panjira n'kunena kuti dikirani, mawu ake n'kumveka.

Ndiye ndikaona chilengezo cha ntchito yotere, ndime zoyamikira chikhalidwe ndimazidumpha. Ndimafufuza mzere wonena kuti munthuyo azipereka malipoti kwa ndani. Akakhala pansi pa bwana wa zokopa alendo, amene chaka chikatha amayezedwa ndi chiwerengero cha matikiti, ndimadziwiratu amene adzapambane tsiku limene maliro ndi basi zidzakumane. Ndimafufuzanso ngati akulu ali pa gulu lofunsa mafunso olemba ntchitoyo, ngati zojambulidwa ndi zolembedwa zidzakhala za banja lomwe lazipereka kuti lizitha kuzibweza, ndiponso ngati pali chaka chotchulidwa chimene mpandowo udzakhale wa mwana wa pamudzipo. Zilengezo zambiri zimene zimati eni nthaka akutsogolera zilibe mzere womalizawu.